Ana 9 pakhomo, sukulu m'chigafa: zimene tinakambirana pagulu kuno ku Tete, Mozambique

Make Tamandani (Domwe): Moni nonse pagulu pano. Ine ndimangowerenga zanu osayankha, koma poti dzulo Asisi Fátima anafunsa ngati n'zoona kuti ana anga sapita kusukulu, ndati ndiyankhe ndekha zisamveke za m'maluwa. N'zoona. Pakhomo pano pali ana 9, anga 7 ndi awiri a malemu mng'ono wanga. Ndimawaphunzitsa ndekha kuyambira 2022. Chaka chimenecho, mvula ya namondwe wotchedwa Ana ija itagumula mlatho wa Revúbuè kumunsi uko, kuno kamtsinje kathu kanasefukira mpaka m'madimba. Sukulu ili tsidya, ndipo ulalo wake ndi mitengo iwiri ya bulugamu. Sukulu zitangotsegulira mwana wanga wachitatu anaterereka, madzi n'kukam'menyetsa pamwala, mkono n'kuthyoka. Anamuvuula ndi anyamata oweta ng'ombe. Ndinauza bambo akunyumba kuti wanga sawolokanso pamenepo. Tinkati n'za miyezi iwiri, mpaka lero.

Bambo Joaquim (Furancungo): Ana 9! Mayi, imeneyo ndi sukulu yokwana kale, changotsala ndi mbendera.

Fátima (Moatize): Zikomo amayi poyankha. Sindinafunse mwachipongwe ayi. Ndimafuna ndidziwe kuti tsiku lanu limayenda bwanji, chifukwa ine ndili ndi awiri okha koma pofika madzulo mutu umakhala utaima.

Make Tamandani (Domwe): Tsiku limayamba tambala wachiwiri akalira. Tamandani, woyamba uja, wa zaka 16, amasonkha moto n'kuteleka phala. Anyamata awiri amapita kumjigo ndi njinga, atsikana ang'ono amasesa. Tikamwa phala aliyense amene angathe kugwira khasu amanka kumunda ndi bambo awo, ine ndimatsala kaye ndi ana anayi ang'onoang'ono. Amenewa ndiwo a m'mawa. Timakhala pansi pabwalo pamene pasesedwa, aliyense ndi kamtengo kake. Ndimalemba a e i o u padothi, iwo n'kumalondola ndi chala, kenako kulemba okha. Akalakwitsa amafufuta ndi phazi, palibe kope lomwe latha. Kuwerengera timachita ndi zitsononkho ndi nyemba. Chitsononkho chimodzi ndi khumi, nyemba imodzi ndi imodzi. Ndikati 34 mwana amaika zitsononkho zitatu ndi nyemba zinayi. Ndikati chotsapo 7, amaona yekha kuti nyemba zachepa, ndiye amabwera kwa ine kudzasinthitsa chitsononkho chimodzi ndi nyemba khumi. Wazaka 7 anagwira kuchotsera kobwereka mwa njira imeneyi asanadziwe n'komwe kuti kumalembedwa bwanji.

Dzuwa likakwera ndimabereka wakhanda n'kuwatsatira kumunda. Tikaweruka, nsima, ndiye akuluakulu amalowa m'chigafa. Bolodi ndi chitseko chakale chomwe timachipaka makala osinja ndi masamba a kholowa kuti chide. Choko chikatha timalembera makaka, amalemba bwino ndithu, kungoti mmodzi wa anawa, Dalitso, amadya. Timawerenga Baibulo la Chichewa mokweza, aliyense ndime yake, kenako ndimawayankhulira mawu iwo n'kumalemba, kenako masamu. Masamu athu ndi a pakhomo pano: malata angati a chimanga alowa m'thumba, mbatata ya kachewere yomwe bambo awo akagulitsa ku Lizulu pa makwacha ikhala mametikali angati akasintha, feteleza wokwana mizere yakuti. Thumba la feteleza nalonso ndi buku. Anafunsa okha kuti 12-24-12 yolembedwa pamenepo ikutanthauza chiyani, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe tinayamba za magawo a pa 100.

Nthawi ya fodya chigafa chimadzaza, ndiye timasamukira pakhonde, koma kunena zoona miyezi imeneyo sukulu imayenda motsimphina. Kuthyola, kusoka, kupachika, manja onse akuda ndi utomoni, ukagwira kope limada. Juni ndi Julayi ndiye timaphunzira kwambiri, ngakhale kuzizira kwa kuno mukukudziwa, ana amalemba atafunda mabulangete.

NaJere (Tsangano): Mwana wanga, iwe unaphunzira kuti zimenezi?

Make Tamandani (Domwe): Ku Dedza, amayi. Tinathawira kumeneko nthawi ya nkhondo ndili wamng'ono. Mtendere utabwera mu 1992 makolo anabwerera kuno, ine anandisiya kwa azakhali kuti ndipitirize. Ndinalekezera Fomu 2.

Pulofesola Celestino (Ulongwe): Ndawerenga zonse, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti njira ya zitsononkho ija ndiibwereka, mundikhululukire. Ndili ndi ana m'kalasi ya 4 amene kuchotsera kobwereka kumawaliza misozi.

Koma mayi, pali zinthu ziwiri zomwe ndikapanda kukuuzani ndikhala ndakulakwirani. Choyamba ndi lamulo. Lamulo la maphunziro nambala 18 la 2018 limati mwana aliyense aphunzire kuyambira kalasi yoyamba mpaka ya 9, ndipo ndi udindo wa kholo kumulembetsa akakwana zaka 6. Sindikuti kubwera apolisi pakhomo panu, sindinaonepo zotero kumidzi kuno. Chimene ndikunena n'chakuti mwana amene dzina lake silili pa pauta, mndandanda wa ophunzira kusukulu, boma silimudziwa kuti akuphunzira. Angadziwe masamu kuposa ine, koma tsiku lomwe adzafune malo ku sekondale adzamufunsa setifiketi ya kalasi ya 6. Paja kuyambira 2023 pulayimale imathera pa 6, ya 7 inasamukira ku sekondale.

Chachiwiri ndi Chipwitikizi. Inu munaphunzira Chichewa ndi Chingerezi ku Malawi, monga ambiri a msinkhu wathu kuno kumalire. Mayeso a dziko lino sabwera m'zilankhulo zimenezo. Ana anu amayankhula Chipwitikizi ndi ndani?

Make Tamandani (Domwe): Apo ndiye mwandigwira pabala, aphunzitsi. Changa ndi cha kumsika ndi kuchipatala basi. Bambo awo amachidziwako, anafika kalasi ya 5, koma madzulo amakhala atatopa, akangodya ndi tulo. Timatsegula Rádio Moçambique kuti azimvako nkhani, ndiye ndimawafunsa kuti mwamvapo chiyani. Amatola mawu awiri atatu. Mabuku ndili nawo akale a ana a aneba, ena masamba anayamba kuthothoka.

Pulofesola Celestino (Ulongwe): Mabuku amenewo boma limagawa ulere, pachikuto panalembedwa kuti osagulitsa, koma amapita kwa ana olembetsedwa okha. Nawonso mukuwaphonya.

Koma musamve ngati kuyamba ndi Chichewa n'kulakwa. Maphunziro a zilankhulo ziwiri anayesedwa koyamba m'dziko muno pakati pa 1993 ndi 1997, m'zigawo ziwiri zokha, Gaza ndi Tete wathu yemweyu, ndipo kuno chinali Chinyanja. Lero sukulu zina za pulayimale zimayamba ndi chilankhulo cha mwana, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono, poyamba pakamwa pokha, kulemba pambuyo. Mwana amene wadziwa kuwerenga m'chilankhulo chake savutika kusamukira ku china. Ndiye maziko mwaika bwino. Vuto n'lakuti kwanuko Chipwitikizi sichikulowa n'komwe, ndipo Tamandani zaka zikupita.

Bambo Joaquim (Furancungo): Aphunzitsi, tisanamizane. Inu mukunena za sukulu ya m'buku. Ya kwathu kuno mwana amayenda mtunda wonsewo m'mimba muli phala lokha, akafika amva kuti aphunzitsi apita kutauni kukatenga malipiro. Lachisanu kulibe sukulu, Lolemba aphunzitsi sanabwerere. Ana oposa benchi, ena pansi pa mtengo, mvula ikangodontha onse kwawo. Wanga anakhoza mpaka kalasi ya 5 osatha kuwerenga dzina la mankhwala a ng'ombe pabotolo. Ndiye setifiketi yotereyo ndi ya chiyani? Amayiwa ana awo akuwerenga Baibulo. Asiyeni.

Pulofesola Celestino (Ulongwe): Achimwene, sindikutsutsa zomwe mwaona. Kumalo kumene kulibe banki mphunzitsi amatayadi masiku panjira, ndipo alipo ena amene amangowonjezera dala. Koma pakhomo la sekondale safunsa ngati mwana amawerenga botolo. Amafunsa pepala. Zowawa koma ndi mmene zilili.

Fátima (Moatize): Ine ndibwerere pamene ndinayambira. Amayi, ndawerenga kawiri zimene mwalemba. Wosonkha moto ndi Tamandani. Mukakhala ndi ang'onoang'ono pabwalo, iye ali kumunda. Nanga masana mukakhala m'chigafa, wakhanda amakhala ndi ndani? Ndiwo zamadzulo amathyola ndani, amaphika ndani?

Make Tamandani (Domwe): Timathandizana.

Fátima (Moatize): Amayi, ndikufunsa chifukwa ine ndinali Tamandani wa kwathu. Tinabadwa 8 ku Zóbuè, ine woyamba. Palibe tsiku limene mayi anga anandiuza kuti usiye sukulu. Ankangoti lero lokha utsale, mng'ono wako watentha thupi. Mawa lero lokha, tikukolola. Alongo anga onse anamaliza, wina ndi dalaivala kumigodi kuno, wina ali ku Beira. Ine ndinadzabwerera kusukulu yausiku ndili ndi mwana kumsana, ndikukhala benchi limodzi ndi ana oti ndikanawabereka ndine. Mayi anga sanali oipa, manja anali ochepa basi. Sukulu ya pakhomo ya ana 9 singayende ndi munthu mmodzi, pali wina amene akuilipira. Ndikungofuna mudziwe kuti ndi ndani.

NaJere (Tsangano): Fátima, wanena zoona koma wanena mokalipa. Mnzakoyu sanabise kanthu, wadziulula yekha pagulu.

Fátima (Moatize): Pepani amayi ngati mawu alemera. Mtima ndiwo unathamanga.

Make Tamandani (Domwe): Ndinatuluka kaye, ndinakatsekera mbuzi. Asisi, sindinakwiye. Wakhanda amakhaladi kumsana kwa Tamandani nthawi ya masamu, amalemba ataimirira uku akumugwedeza. Akalira amatuluka naye, ndipo zomwe taphunzira iye kulibe amadzakopera usiku pa nyali ya sola. Ndiponso ndikapita kusikelo kapena kumaliro, amene amaphunzitsa ang'onoang'ono ndi iyeyo. Amaphunzitsa bwino kuposa ine, sakalipa. Pamene ankasiya anali atamaliza kalasi ya 5. Akanakhala kuti anapitiriza bwenzi pano ali ku sekondale. Zimenezi ndimazidziwa, sikuti ndimagona tulo tabwino nazo. Koma mundiuze, ndimutumize yekha aziwoloka pamitengo paja? Mtsikana wa msinkhu umenewo, njira yodutsa m'minda ya chimanga chotalika kuposa munthu? Anzake awiri amene ankapita nawo limodzi, wina ali ndi mwana, wina ali ndi pakati. Sukulu sinawateteze.

Luísa (Zóbuè): Ndine namwino, ndilowererepo pang'ono. Zimene mukuopazo n'zenizeni, timawaona kusikelo ana a zaka 14 ndi 15. Koma amene ali pakhomo nawonso timawaona, mwinanso ochuluka. Mtsikana akakhala pakhomo, wodziwa kuphika, kulera, kulima, anthu amayamba kumuona ngati mkazi wopsa kale. Akubanja amayamba kulandira moni wachilendo. Lamulo nambala 19 la 2019 limaletsa ukwati kapena kutomera mwana wosakwana zaka 18, ndipo limalanga ngakhale makolo ndi ankhoswe, koma kumudzi zimachitika mwakachetechete. Yunifolomu payokha imauza anthu kuti uyu ndi mwana. Kodi palibe amene wayamba kale kufunsa?

Make Tamandani (Domwe): Alipo. Anadzera kwa atsibweni ake chaka chathachi, munthu wa ngolo ziwiri. Achimwene anamubweza, anati mwana akadali pasukulu. Munthuyo anaseka, akuti sukulu yake iti.

Bambo Joaquim (Furancungo): Ameneyo mukanamutulutsira agalu.

Akatekisi Ernesto (Lifidzi): Mtendere kwa nonse. Ine ndiyamikire kaye. Ana ambiri amene amabwera ku katekisimu sadziwa kuwerenga, timangowaloweza pamtima. Mayi amene wakhazika ana 9 pansi n'kuwaphunzitsa zilembo wachita ntchito yomwe kale inkachitika m'masukulu a mishoni kumidzi, mphunzitsi mmodzi, bolodi limodzi. Ambiri mwa agogo athu kuno ku Angónia anadziwira kuwerenga momwemo.

Maganizo anga ndi awa. Bwanji osagawa? Ang'onoang'ono apitirize ndi inu, palibe amene angawaphunzitse a e i o u mwachikondi kuposa mayi wawo. Koma akuluakulu atatu apeze kokhala tsidya, kwa wachibale kapena kwa mkhristu mnzanu, azibwera Loweruka madzi akaphwa. Mabanja ambiri amachita zimenezi, mumangopereka lata la chimanga ndi nyemba pamwezi. Kwa a sekondale kuli malo ogonera, ku Fonte Boa ndi ku Msaladzi m'boma la Tsangano, koma kumeneko n'kutsogolo, ayambe apeza pepala la 6.

NaJere (Tsangano): Akatekisi, kugawako n'kwabwino pakamwa. Mukachotsa akuluakulu atatu pakhomo paja mwachotsa makasu atatu, wotunga madzi ndi wolera mwana. Munda wa anthu 11 alime ndani? Ganyu ndi ndalama. Ine ndinalera 10, ndikudziwa. Ndipo mwana wamkazi wokhala kwa eni amasanduka wantchito wa kumeneko, ntchito yomweyo imene mukuti athawe kwawo. Ngati n'kumutumiza, akhale kwa munthu amene mungathe kumukalipira.

Koma mwana wanga Make Tamandani, pali china chimene sunanene. Ana awiri a malemu aja. Ako ukawasunga pakhomo anthu adzati ndi nzeru zako. A malemu akadzakula opanda pepala, akuchimuna kwawo adzati unawasandutsa antchito, ngakhale unkawadyetsa mbale imodzi ndi ako. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, inde, koma pa mlandu amakhala wa eni. Amenewo ndiye uyambe nawo kulembetsa.

Make Tamandani (Domwe): Amayi, zimenezo sindinaziganizeko. Bambo awo ali moyo, ali ku Joni, satumiza kanthu koma pakamwa ali napo.

Pulofesola Celestino (Ulongwe): Ndiye tiyeni tikambe zotheka. Kulembetsa kalasi yoyamba kumayamba mu Okutobala, ndipo mpaka kalasi ya 9 matirikula, kulembetsa kumene, salipiritsa. Amene anaphunzirapo kale mayina awo ali m'mabuku a sukulu yakaleyo, mukapemphe chikalata chosonyeza kalasi imene analekezera. Tamandani ngati anakhoza ya 5, chimene chatsala ndi chaka chimodzi cha kalasi ya 6 ndi mayeso ake. Chaka chimodzi chokha, mayi. Akapeza pepala limenelo pali sekondale yophunzira uli kwanu, PESD, yomwe amakupatsa mabuku ogawidwa m'zigawo, umawerenga pakhomo n'kumapita kumalo ophunzirira masiku ena kukakumana ndi aphunzitsi ndi kulemba mayeso. Imeneyo ingagwirizane ndi moyo wa pakhomo panu, ndipo chizolowezi chowerenga yekha ali nacho kale.

Za mtsinje, mupite kwa adirekitala pamodzi ndi amfumu kapena mlembi wa mudzi, osati nokha. Chaka cha sukulu chimayamba mvula ili pachimake, ndiye vutoli si lanu lokha, midzi yonse ya tsidya lanu ana amajomba Febuluwale ndi Malichi. Mukapita ngati mudzi, nkhani ya kujomba imamveka mosiyana ndi pamene kholo limodzi likudandaula. Kukhonsolo ya sukulu kumakhalanso makolo, ndi ntchito yawo imeneyi. Zikakanika pamenepo, ofesi ya maphunziro ya boma ili ku Ulongwe kuno.

Bambo Joaquim (Furancungo): Ndipo amuna a mudzi umenewo akutani? Mitengo iwiri kuyambira 2022? Kwathu tinadula milimo inayi ya bulugamu, kukhoma matabwa ndi kumanga chogwirira cha waya. Si mlatho wa boma koma mwana amawoloka. Bambo a Tamandani andiimbire ndiwauze mmene tinachitira, asamangogona akadya.

Make Tamandani (Domwe): Kkkk achimwene, ndiwawerengera mawu anuwa momwe alili. Anayesapo chaka china, madzi anatenga. M'mbali mwake ndi dothi lofewa, limagumuka chaka chilichonse.

Bambo Joaquim (Furancungo): Ndiye anamanga pamalo olakwika. Asakire pamene pali mwala mbali zonse ziwiri, ngakhale njira italikeko.

Fátima (Moatize): Amayi, ine ndili ndi chipinda chimene mumagona katundu. Sukulu ili pafupi, msewu umodzi. Tamandani atabwera kuno Chipwitikizi angachitole msanga, ana a kuno amasewera m'Chipwitikizi ndi Chinyungwe. Ndamva zimene anena amayi NaJere za kusanduka wantchito, ndipo ndikulonjeza pamaso pa gulu lonseli kuti akadzabereka mwana wanga kumsana nthawi ya sukulu mudzandichotse pagulu. Kutentha kokha ndiye adzalira, wa ku Domwe kuno amasungunuka.

NaJere (Tsangano): Mwafunsana nonse, mwagawana mwana wa eni, koma mwini wake palibe amene wamufunsa. Tamandaniyo akuti chiyani?

Make Tamandani (Domwe): Ndamupatsa foni wawerenga yekha zonse. Poyamba anangoti zili kwa inu amayi. Nditamukakamiza wati akufuna adzakhale namwino ngati Asisi Luísa, koma ku Moatize akuopa, sanapiteko chibadwire ndipo akuti akamuseka Chipwitikizi. Akuti bola kwa azakhali ake tsidya, chaka chimodzicho, kuti Loweruka azibwera kudzaona ngati Dalitso wasiya kudya choko. Asisi Fátima musakhumudwe, mwina ya sekondale.

Ang'onoang'ono anayi ndipitiriza nawo ndekha, pamenepo sindisuntha, mpaka ulalo utakhala woti ine ndingawoloke nditabereka mwana. Anyamata awiri ndi a malemu ndikambirana ndi bambo awo ndi achimwene, poti nkhani ya makasu imene anena amayi NaJere ndi yoona. Wolera wakhanda Tamandani akachoka sindinamupeze.

Aphunzitsi, funso lina. Masedula, zikalata za kubadwa zija, ndili nawo a ana anga asanu. Awiri omalizira sitinawalembetse, ndipo a ana a malemu sindikudziwa kumene anapita, mwina anatsala kwa bambo awo. Akandibweza?

Pulofesola Celestino (Ulongwe): Asakubwezeni, pitani ndi zomwe muli nazo. Makadi a kusikelo a anawo muwatenge, ali ndi tsiku lobadwa, ndipo mwana amatha kulembedwa pamene mukukonza sedula. Koma musazengereze nazo, pofika mayeso a kalasi ya 6 adzaifuna. Za ana a malemu mukayambire ku ofesi ya kalembera ku Ulongwe, mutenge BI, chitupa chanu chaunzika, ndi kalata ya amfumu. Ngati analembedwapo kale amangotulutsa ina, musawalembetse kawiri.

Luísa (Zóbuè): Makadiwo ngati anadyedwa ndi chiswe mundiuze, ndikulangizani kopita. Ndipo wakhandayo katemera wa miyezi 9 analandira?

Make Tamandani (Domwe): Analandira, asisi. Khadi lake lokha ndiye lili bwino, limagona m'Baibulo. Enawo ndikawafufuze m'sutikesi mawa kukacha, pano foni yatsala pang'ono kuzima.